Kodi mafonti azibwera okha limodzi ndi pulogalamu?

WaChilomoni: Ndimayang'anira makompyuta oyendera Debian (mtundu wa Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta) pamalo ena osindikizira ku Limbe, ndipo kawirikawiri ndikaika pulogalamu pogwiritsa ntchito apt (chida choikira mapulogalamu pa Debian), imakoka mafonti (mitundu ya kaonekedwe ka zilembo) omwe sindinawapemphe, nthawi zina mpaka fonts-noto-cjk, yomwe ili ndi zilembo za Chitchaina, Chijapani ndi Chikoreya ndipo imamaliza bandulo ya intaneti mosakhalitsa. Kodi nkoyenera kuti okonza mapulogalamu azitimangirira mafonti chotere, kapena azitisiya tisankhe tokha?

Namiyango_Linux: Achimwene, yambani mwaona ngati fontiyo yalembedwa pansi pa Depends kapena pansi pa Recommends. Depends imatanthauza kuti pulogalamu singagwire ntchito popanda chinthucho, pomwe Recommends ndi chinthu chomwe anthu ambiri amachifuna koma sichokakamiza. Apt imaika zonse ziwiri pokhapokha mutawonjezera --no-install-recommends. Kwa ine, fonti malo ake ndi pa Recommends, chifukwa kumeneko munthu wa intaneti yochita kuyeza ali ndi mwayi wokana.

MayiWaSoche: Ndikugwirizana nanu bambo, koma tisawalimbikitse kukana mafonti mwachisawawa, makamaka popeza ntchito yawo ndi yosindikiza. Mafonti a Liberation, omwe kampani ya Red Hat inatulutsa mu 2007, anapangidwa kuti zilembo zake zikhale ndi mlingo wofanana ndi wa Arial, Times New Roman ndi Courier New, ndipo Carlito imachita chimodzimodzi m'malo mwa Calibri. Akasowa, fontconfig, pulogalamu yoyang'anira mafonti pa Linux, imasankha yokha fonti ina yofananirako, ndiye kalata yomwe kasitomala anailemba mu Word n'kukwana tsamba limodzi imasefukira tsamba lachiwiri mukaitsegula mu LibreOffice (pulogalamu yaulere yomwe imalowa m'malo mwa Word), siginecha n'kutsalira yokha kumeneko. Palinso chilembo cha ŵ, chomwe ena amalembabe m'dzina la Malaŵi: mafonti ena okongoletsa alibe chilembochi, ndipo pakapanda fonti ina yoti ilowe m'malo, ngati DejaVu, papepala pamatuluka kabokosi.

Namiyango_Linux: Mwanena zoona mayi. Ndiwonjezere kuti pulogalamu yomwe ntchito yake ndi kupanga ma PDF pa seva (kompyuta yotumikira makompyuta ena), monga ya malisiti, iyenera kuika fonti imodzi pa Depends, chifukwa seva nthawi zambiri sikhala ndi fonti iliyonse.

WaChilomoni: Zikomo nonse. Ndisunga Liberation, Carlito ndi DejaVu, ndipo ndisanachotse ena ndiziyamba ndalemba fc-match "Times New Roman" kuti ndione fonti yomwe kompyuta ikusankha.