Za funso langa lija la nkhawa

Paja ndinafunsa chochita ndi nkhawa zondisowetsa tulo, poti katundu woodetsa wa shopu yanga kuno ku Salima akungokwera mtengo. Zikomo inu amene munandilozera kwa Epictetus, mphunzitsi wa nzeru za Stoic (chiphunzitso chakale cha kudziletsa ndi kupirira) yemwe anali kapolo ku Roma. Iye ankaphunzitsa kusiyanitsa zimene zili m'manja mwathu ndi zimene sizili. Kugwa kwa kwacha sindingakuletse, koma kulondola ngongole ndi kusakalipira ana, izo ndi zanga.

M'mamawa ndimakhala phee, kumvetsera kupuma kwanga, kenako ndimapemphera. Ziwirizi sizitsutsana ayi. Tulo tayamba kubwera, ngakhale si masiku onse.

Chikundivutabe ndi ichi: mwana akadwala kwambiri, ndinganene bwanji kuti sizili m'manja mwanga? Amene munadutsamo, ndithandizeni.