Mizu ya orchid yanga ikuwola, ndichite chiyani?

Moni nonse a m'gulu lino. Ndikupempha nzeru pa duwa langa la orchid, la mtundu wa Phalaenopsis, limene mizu yake ikuwolabe ngakhale kuti ndinalisamutsira mumphika wina maluwa ake atangoyoyoka.

Posamutsapo ndinachotsa sphagnum yakale (mtundu wa ndere umene duwali linadzalidwamo) imene inali itagwirana kwambiri, ndinadula mizu yonse yofewa ndi sizasi yopukutidwa ndi spiriti, kenaka ndinalidzala m'makungwa a paini osakaniza ndi makala pang'ono. Mphikawo ndi wapulasitiki woonekera mkati, uli ndi mabowo pansi ndi m'mbali, ndipo madzi sadikha m'kambale ka pansi pake. Ndimathirira m'mawa, pokhapokha mizu ikasiya kubiriwira n'kuyamba kutuwa, ndipo ndimasamala kuti madzi asatsalire pakati pa masamba. Komabe mizu ya pakati pa mphika ikupitirira kufewa, moti ndikaifinya pamatsala kaulusi kokha, pamene masamba a m'munsi akuchita makwinya ngati kuti duwalo lili ndi ludzu.

Ine ndikukayikira mphikawo, chifukwa ndi waukulu poyerekeza ndi mizu yochepa imene yatsala, ndipo makungwa a pakati amachedwa kuuma. Kodi ndilisamutsirenso mumphika waung'ono tsopano lino, kapena ndidikire kufikira litatulutsa mizu yatsopano? Nanga pakadali pano ndizithirira motani kuti masamba asafote koma mizu isawolenso?