Chiwongoladzanja chikatsika, n'chifukwa chiyani masheya amakwera mtengo?

Akuluakulu odziwa za chuma, ndithandizeni. Mu Malichi 2020 banki yaikulu ya ku America, Federal Reserve, inatsitsa chiwongoladzanja kufika pafupifupi pa ziro, masheya n'kukwera mtengo pamene mabizinesi ambiri anali atatsekedwa chifukwa cha Covid. Mu 2022 itayamba kuchikweza, S&P 500, muyeso wa mitengo ya masheya a makampani akuluakulu 500 a ku America, inatsika ndi pafupifupi 19 peresenti.

Zoti mabondi (zikalata zimene munthu amagula pobwereketsa ndalama ku boma kapena ku kampani kuti azilandira chiwongoladzanja) akamabweretsa phindu lochepa anthu amathamangira ku masheya ndikuzimvetsa, komanso zoti ngongole zimawatchipira makampani. Pamene pandiimitsa mutu ndi apa: kodi kampani imakhala italemeradi, kapena ndi mtengo wokha umene wafufuma chifukwa ndalama zasowa kolowera? Nanga munthu asanagule amasiyanitsa bwanji ziwirizi? Chonde fotokozani mosavuta, masamu ndinawathawa kalekale.