Kodi apolisi ali ndi mphamvu zotsegula foni ya munthu popanda chikalata cha khoti?

Nachisale:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa malamulo. Sabata yatha mchimwene wanga anaitanidwa kupolisi chifukwa cha uthenga umene unkazungulira pa gulu la WhatsApp la m'dera lathu, wonena zoipa za munthu wina wodziwika kumeneko. Iye sanaulembe, anangoutumiza kwa anzake awiri. Atafika, anamulanda foni n'kumuuza kuti atchule nambala yachinsinsi yotsegulira, ndipo chifukwa cha mantha anatchula. Anamumasula madzulo omwewo osamutsegulira mlandu, koma foni idakali komweko, pomwe m'menemo muli zithunzi za banja, mauthenga ake ndi mkazi wake, komanso akaunti imene amalandirira ndalama za geni yake. Sanamuonetse pepala lililonse. Kodi zimenezi n'zololedwa, nanga foniyo tingaitenge bwanji?

Bambo Phiri a ku Zomba:

Mayi Nachisale, pepani ndi zimene zakugwerani. Poyambira ndi gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino, amene tinayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1994. Gawoli limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wosunga chinsinsi chake, ndipo limatchula zinthu zitatu: munthu asachitidwe chipikisheni m'thupi, m'nyumba kapena pa katundu wake, asalandidwe katundu, komanso wina asalowerere pa mauthenga ake, kaya a m'kalata kaya a pa lamya. Ufulu umenewu uli ndi malire, koma gawo 44 limafuna kuti malirewo akhale olembedwa m'lamulo, omveka bwino, ndiponso ofunikiradi m'dziko la demokalase. Mawu a wapolisi paokha si lamulo.

Apa tiyenera kusiyanitsa kulanda foni ndi kuwerenga zimene zili m'katimo. Apolisi akamanga munthu amaloledwa kumusecha ndi kusunga zinthu zimene akuziona ngati umboni, koma lamulo limenelo linalembedwa poganizira mpeni wa m'thumba kapena katundu wakuba, osati kachipangizo kamene kamasunga moyo wonse wa munthu, kuphatikizapo zinsinsi za anthu ena amene sakukhudzidwa n'komwe ndi mlanduwo. Khoti lalikulu kwambiri la ku America linaunika mfundo yomweyi mu 2014 pa mlandu wa Riley, ndipo majaji onse anagwirizana kuti wapolisi ayenera kukatenga kaye chilolezo cha khoti asanayambe kufufuza mu foni ya munthu amene wamumanga. Chigamulocho sichimanga makhoti athu, koma m'kuona kwanga maganizo ake akugwirizana ndi gawo 21.

Chimene chikuvuta pa nkhani ya achimwene anu n'chakuti anatchula okha nambalayo, ndipo apolisi adzanena kuti anavomera. Gawo 42 limapatsa munthu womangidwa ufulu wokhala chete, wosakakamizidwa kuvomera mlandu, woonana ndi loya, ndi wokaonekera kukhoti pasanathe maola 48. Akanatha kunena mwaulemu kuti ayankha akabwera loya. Pakadali pano alembe kalata kwa mkulu wa polisiyo yopempha foni, afunsemo ngati pali chikalata cha khoti, ndipo asunge kope. Zikakanika apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu amene sangakwanitse kulipira loya, kapena akadandaule ku Independent Complaints Commission, bungwe limene limamva madandaulo okhudza apolisi.

Agogo a Chisomo:

Sindikutsutsa zimene anena Bambo Phiri, koma tisaiwale mbali inayo. Ine ndinaberedwapo ndalama ndi munthu amene anaimba foni akunamizira kuti ndi m'bale wanga wagonekedwa m'chipatala, ndipo tsiku limenelo ndinkafuna apolisi atsegule foni ya aliyense amene akumukayikira, osadikira pepala. Akuba a masiku ano sathyola zenera, amagwira ntchito ndi simu khadi, ndipo umboni ungafufutidwe m'kanthawi kochepa. Komanso lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lilipo, ndipo limaletsa kugwiritsa ntchito makina potumiza mauthenga ozunza kapena osowetsa ena mtendere. Wotumiza uthenga wonyoza asamaganize kuti n'ngosalakwa chifukwa sanaulembe ndi iye.

Bambo Phiri a ku Zomba:

Agogo, kuopa kuti umboni ufufutidwa ndi chifukwa chabwino chosungira foni, koma si chifukwa choiwerengera. Foni ikakhala m'manja mwa apolisi itazimitsidwa, mwini wake sangaigwirenso, ndipo majisitireti sakhala kutali.

Mlamu wa ku Joni:

Ndiloleni ndionjezere zimene taziona kuno ku South Africa, chifukwa zikusonyeza kuti ngakhale chikalata cha khoti sichithetsa nkhani yonse. Kuno kuli lamulo lotchedwa RICA, limene linkalola kale kuti boma limvetsere mafoni jaji akavomereza. Koma mu February 2021 khoti loona za malamulo aakulu linagamula, pa mlandu umene anakasuma atolankhani a amaBhungane, kuti mbali zina za lamuloli n'zosemphana ndi ufulu wa anthu. Chifukwa china chinali chakuti munthu ankamvetseredwa osadzauzidwa mpaka kalekale, ngakhale kafukufuku atatha, moti analibe mpata wokafunsa kukhoti ngati chilolezocho chinaperekedwa moyenera. China chinali chakuti panalibe chitetezo chapadera cha maloya ndi atolankhani, amene ntchito yawo imadalira kusunga chinsinsi cha anthu ena.

Mfundo yomalizayi kwathu si yachilendo. Mu April 2022 apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism n'kumulanda foni ndi makompyuta chifukwa cha nkhani imene anafalitsa, ndipo nkhawa yaikulu ya atolankhani anzake inali pa anthu amene anamutsina khutu. Achimwene anu si mtolankhani, mayi, koma nawonso mu foni yawo muli anthu ena amene anawalembera mowakhulupirira. Ndipo popeza simu khadi iliyonse ku Malawi inalembetsedwa pa chiphaso kuyambira mu 2018, nambala iliyonse imene ili mu foniyo ikuloza kwa munthu wodziwika dzina. Tsopano kuli lamulo la Data Protection Act la 2024, loteteza zinsinsi za anthu, limene a MACRA, bungwe loona za mafoni ndi mawailesi, ndi amene akuliyang'anira, koma funso limene ine ndingafunse loya n'lakuti: ngati apolisi anakopera zimene zinali mu foniyo, ndani angawauze kuti azifufute mlandu ukapanda kutsegulidwa?

Nachisale:

Zikomo nonse. Kalata ija tailemba usiku uno ndipo tikaipereka mawa m'mawa, kope lina titsala nalo. Zokopera zija sindinaziganizire n'komwe, tazionjezera m'kalatamo. Tapitanso kukatseketsa akaunti ya ndalama ija kufikira foni itabwera. Agogo a Chisomo, za kutumiza mauthenga osawadziwa chiyambi chake ndamudzudzula kale mokwanira, ndipo wamva.