Apozi woyala pakhoma: nthambi zam'munsi zikutsalira

Wa ku Randburg, ku Joni: Akuluakulu, ndigaireni nzeru. Ndili ndi mtengo wa apozi woyala pakhoma (nthambi zake zimagonekedwa pa mawaya), chaka chachitatu, mawaya atatu otalikirana masentimita 45. Nthambi zapamwamba zafika kumapeto kwa waya, zam'munsi zathera pakati, ndipo pa waya wapakati kumanzere kulibe nthambi. Ogasiti akutha, maso (potulukira mphukira) atupa kale. Ndidule zapamwambazo?

Wa ku Fourways: Chodulira chibwerere m'thumba, achimwene. Mukadula kwambiri pano, mtengo ubweza ndi mphukira zoimirira zosabereka. Mphamvu ya mtengo imathamangira kumwamba, ndiye nthambi yogona imakula pang'onopang'ono, yoimirira imathamanga. Masulani zam'munsizo, muzimangirire ku nsungwi zopendeka madigiri 45. Zapamwamba zigonebe pa waya. Zam'munsi zikatalika, mudzazigonetsenso cha mu Epulo.

Wa ku Edenvale: Popanda nthambipo, pezani diso pathunthu, pansi pang'ono pa waya, loyang'ana kumanzere. Temani khungwa theka la sentimita pamwamba pa disolo ndi mpeni wakuthwa, kachidutswa kopingasa, kongofika pa mtengo woyera. Osazunguliza thunthu, mungaphe chapamwamba chonse. Nthawi yake ndi inoyi, masamba asanatuluke. Mukatema pansi pa diso ndiye mwaligonetsa tulo.

Wa ku Randburg: Zikomo ankolo. Nanga zomangira? Zina zalowa m'khungwa.

Wa ku Edenvale: Chotsani lero lomwe. Waya kapena chingwe cha nayiloni chimapotola nthambi ikamanenepa. Dulani malegeni a chubu cha njinga, mumange ngati nambala 8, chala chimodzi chizilowa. Nthambi isakhudze khoma, pakhale mpata ngati masentimita 10.

Wa ku Fourways: Khomalo likaloza kumpoto limafunda, maluwa amafulumira, koma chisanu cha ku Joni sichilawira, chimabwereranso ngakhale mu Seputembala. Usiku wozizira phimbani ndi nsalu yoteteza ku chisanu, m'mawa vundukulani njuchi zigwire ntchito. Mvula siyamba mpaka Okutobala, ndipo m'tsinde mwa khoma mumauma msanga: ndowa ziwiri pa sabata, mothira pang'onopang'ono. Kuyambira pa 1 Seputembala, Johannesburg Water imaletsa kuthirira pakati pa 6 m'mawa ndi 6 madzulo.

Wa ku Edenvale: Feteleza akhale 3:1:5 (magawo a nayitrojeni, fosifolasi ndi potaziyamu), osati LAN, feteleza wa nayitrojeni wa pakapinga, yemwe amangochulutsa masamba ndi nsabwe. Mphukira zoimirirazo mudzazifupikitse mu Januwale kapena Febuluwale zikakhwima, kusiya masamba atatu.