Ndili ndi digiri ya zaulimi, ndikufuna unamwino wa miyezi 16. Ndisiye ntchito?

Abale anga a pagulu pano, moni nonse. A admin, chonde bisani dzina langa, chifukwa alamu anga ali pomwe pano ndipo nkhaniyi kubanja sitinaikambe.

Ndine mayi wa zaka 36, wa ana awiri, ndimakhala ku South Bend, Indiana. Ndinabwera zaka 5 zapitazo ndi green card ya lotale. Kumudzi ndinaphunzira zaulimi ku Bunda, digiri ya zaka 4, ndipo ndinagwirako ntchito yaulangizi. Kuno digiriyo ili m'sutikesi. Ndimagwira ntchito ya CNA, yothandizira anamwino, kumalo osamalirako okalamba, usiku, maola 12, masiku anayi pa sabata, nthawi zina asanu. Ntchitoyi sindiinyoza, ndi imene yatidyetsa. Koma mwezi watha gogo wina amene ndimamusambitsa anasintha kapumidwe cha m'ma 3 usiku. Ndinaona kuti chinachake chalakwika, ndinathamanga kukaitana namwino, koma chimene chinkachitika m'thupi mwake sindinachidziwe. Namwinoyo anamuyeza, anaimbira dokotala, ambulansi inabwera, gogoyo ali moyo. Ine ndinangoima pakhomo nditanyamula mathawulo. Kuyambira tsiku limenelo mtima sukundikhala. Ndikufuna kukhala munthu wodziwa chochita.

Ndamva za ABSN, maphunziro aunamwino ofulumira a anthu amene ali kale ndi digiri ina. Amakuchotsera maphunziro oyambira aja nkukupatsa za unamwino zokhazokha, zothinana m'miyezi 12 mpaka 18. Ya ku Marian University ku Indianapolis ndi miyezi 16, ndipo Indiana University nayo ili ndi yake. Sukulu ina imene ndinaimbira inanditchulira fizi yoposa $55,000, ndipo mayi amene ndinalankhula nayeyo anandiuza mosabisa kuti salimbikitsa kugwira ntchito uli pasukulu.

Apa ndi pamene pali vuto langa. Bambo a kunyumba amagwira pafakitale ya ma RV, magalimoto okhala ngati nyumba aja, ku Elkhart, ndipo amene mumakhala kuno mukudziwa kuti ntchito imeneyo imakwera nkutsika. Malipiro anga ndiwo amalipira theka la lendi. Ndiwonso amagulira mayi anga mankhwala a BP ku Ntcheu, fizi ya ana awiri a malemu achimwene anga, ndi feteleza chaka ndi chaka.

Amene munadutsamo, ndiuzeni zoona. Digiri ya ku Malawi amailandira? Munthu angathe kugwira shifiti imodzi kapena ziwiri pa sabata osalephera? Nanga ndalama munazipeza kuti?

Namwino wa ku Indianapolis:
Achemwali, ine ndinachita ABSN nditabwera ndi digiri ya uphunzitsi, ndiye ndikuyankhani ngati mnzanu. Digiri amailandira, koma osati pongowaonetsa pepala. Imayenera kuyesedwa ndi bungwe loyerekeza madigiri akunja ndi a kuno, ngati WES kapena ECE, ndipo mupemphe ripoti la phunziro lililonse palokha, limene limatulutsa GPA, avereji ya magiredi anu. Musanalipire, funsani sukuluyo kuti imavomereza bungwe liti, chifukwa zimasiyana. Kawirikawiri transcript imachoka ku koleji kupita ku bungweko mwachindunji, siidutsa m'manja mwanu, choncho yambani lero. Sukulu zambiri zimafuna GPA ya 3.0 kupita m'mwamba, ndipo magiredi a kwathu akawasandutsa a kuno nthawi zina amatsika kuposa mmene munthu unkaganizira. Ngati zitatero musataye mtima, ma A a maphunziro okonzekera amakoka.

Maphunziro okonzekerawo ndi amene anthu sakuuzani akamati miyezi 16. Anatomy ndi Physiology gawo loyamba ndi lachiwiri, Microbiology, Chemistry, Statistics, Nutrition, ndi phunziro la kakulidwe ka munthu kuchokera kuukhanda mpaka kuukalamba. Inu a zaulimi Chemistry ndi Microbiology munachita, koma sukulu zambiri zimakana sayansi imene yapitirira zaka 5 kapena 7, ndiye konzekerani kubwereza. Zimenezi kachiteni ku Ivy Tech, koleji ya boma ya kuno ku Indiana, nkotchipa ndipo mukhoza kumagwira ntchito. Ine zinanditengera chaka. Sukulu zina zimafunanso mayeso olowera a TEAS kapena HESI.

Za ntchito ndinene chilungamo. Semesita yoyamba ndinkagwira Loweruka lokha ndipo ndinakwanitsa. Titalowa Pharmacology ndi Med-Surg, uku kuchipatala akutifuna 6 koloko m'mawa kawiri pa sabata, usiku nkumalemba care plan, ndinasiya. Pasukulu yathu ukapeza pansi pa 77 walephera, ndipo ukalephera maphunziro awiri akuchotsa, ngongole nkukhala ili pomwepo. Mayeso owerengera mlingo wa mankhwala ankafuna 90. Wa shifiti ya usiku ngati inu, kuchoka kuntchito 7 m'mawa nkukalowa m'kalasi 8, ndikukuletsani ndi mtima wonse. Mnzanga wina anayesa ndipo sanamalize.

Kanthu kena kakang'ono: adzafuna mayeso a TB. Ife tinabayidwa BCG tili ana, ndipo kuyeza kwa pakhungu kuja kukhoza kuonetsa ngati muli nayo pamene mulibe. Pemphani kuyezedwa magazi, QuantiFERON.

Bambo wa ku Dallas:
Mlongo wanga, ine ndilankhule za ndalama, chifukwa mkazi wanga anadutsa njirayi ndipo amene ankagwira kalikuleta ndinali ine. Munthu amene ali kale ndi digiri yoyamba salandira Pell Grant, thandizo la boma la fizi losabweza lija, ngakhale digiriyo ikhale ya kunja. Ndi green card mukhoza kulemba FAFSA, fomu yopemphera thandizo la boma la sukulu, koma chimene mungapeze ndi ngongole, ndipo ngongole ya boma kwa wophunzira wodziimira payekha pa mlingo umenewu siipitirira $12,500 pa chaka. Yotsala pa fizi ya $55,000 ija ndi ngongole ya kubanki, yachiwongoladzanja chokwera, ndipo kawirikawiri amafuna wina wosainira. Ndani angakusainireni kuno? Onjezanipo malipiro a miyezi 16 amene simulandira. Mtengo weniweni ndi umenewo.

Ine ndikanakhala inu ndikanachita ADN, digiri yaing'ono yaunamwino, ku Ivy Tech komweko. Zaka ziwiri, fizi yochepa kwambiri, ndipo pamapeto mumalemba NCLEX, mayeso a laisensi yaunamwino omwewo amene a ABSN amalemba, nkukhala RN, namwino wa laisensi, yemweyo. BSN, digiri yonse yaunamwino imene ABSN imapereka, mudzaimaliza pa intaneti mukugwira ntchito, zipatala zambiri zimathandiza kulipira. Yang'ananinso Nurse Corps Scholarship ya HRSA, nthambi ya boma ya zaumoyo, imalandira a green card, imalipira fizi, inu nkudzagwira zaka zosachepera ziwiri pamalo osowa anamwino. Opempha ndi ambiri, koma kuyesa sikulipiritsa.

Mayi wa ku Maryland:
Pitani mwana wanga, Mulungu amene anakutulutsani ku Ntcheu sakusiyani panjira. Ine ndinayamba unamwino ndili ndi zaka 44.

Namwino wa ku Columbus:
A ku Dallas, masamu anu ndi oona koma mwasiya mbali ina. ADN nayo si yolowa mwachisawawa, malo ndi ochepa ndipo anthu amadikira chaka osatengedwa. Ikatero zaka ziwiri zija zasanduka zitatu, kenako BSN pamwamba. Wa ABSN pa nthawi imeneyo wagwira kale chaka ndi theka pa malipiro a RN. Zipatala zikuluzikulu, makamaka ku ICU, zimakonda BSN, ndipo ngati mayiwa adzafune kukhala nurse practitioner, namwino woyeza odwala ndi kulemba mankhwala, BSN ndiyo khomo. Komanso musaganize kuti ADN ndi yopepuka. Matenda ndi omwewo, mabuku ndi omwewo, kungoti amakupatsa mpata wopuma. Langizo langa: lembani konse kuwiri, ndipo pa ABSN yambani ndi mayunivesite a boma, fizi ya wokhala m'state momwemo ndi yotsika kuposa ya sukulu zomwe si za boma.

Bambo wa ku Dallas:
Ndavomera, achemwali. Changa nchakuti wa ADN akapunthwa amadzuka, pamene wa ABSN akapunthwa mwezi wa 10 amatsala ndi ngongole yopanda laisensi. Mayiwa ali ndi ana awiri ndipo ntchito ya mwamuna wawo si yokhazikika.

Wofunsa:
Zikomo nonse, ndikuwerenga ndili pa break. Za Pell sindinkadziwa, ndinkaiwerengera ndithu. Achemwali a ku Indianapolis, ana munkawasiya ndi ndani masiku a kuchipatala? Wanga wamng'ono ali ndi zaka 4.

Namwino wa ku Indianapolis:
Ndinagwirizana ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu. Ankabwera 5 koloko m'mawa, ine nkumamutengera ana ake Lamlungu. Koma dziwani kuti ndandanda ya kuchipatala simusankha nokha, ndipo akhoza kukutumizani kutali. Kujomba tsiku limodzi la clinical ndi nkhani yaikulu. Mukhale ndi anthu awiri odalirika, osati mmodzi. Ndipo kuchoka ku South Bend kupita ku Indianapolis ndi maola oposa awiri pagalimoto, m'nyengo ya chipale chofewa simungayende tsiku ndi tsiku. Ngakhale sukulu itati maphunziro ndi a pa intaneti, ma lab ndi clinical mumapita ndi thupi lanu.

Admin:
Ndachotsa ndemanga ya munthu amene amati mumulembere ku inbox kuti akuthandizeni kupeza dipuloma mwachangu. Abale, kumbukirani Operation Nightingale. Mu January 2023 boma la America linaulula kuti sukulu zina za ku Florida zinagulitsa madipuloma abodza aunamwino oposa 7,600. Ena mwa ogulawo anakhoza NCLEX nkuyamba ntchito, koma ma board anawatsata ndipo malaisensi anapita. Musanapereke ngakhale dola imodzi, onani ngati sukuluyo ili pa mndandanda wa Board of Nursing ya state yanu, ngati ndi yovomerezeka ndi CCNE kapena ACEN, mabungwe ounika sukulu zaunamwino, ndiponso kuti ophunzira ake amakhoza bwanji NCLEX ulendo woyamba. Zonsezi zili poyera pa intaneti.

Mnyamata wa ku Minnesota:
Pepani ndikwere nawo basi yomweyi. Ine ndili pa F-1, viza ya ophunzira, ndikumaliza digiri ya bizinesi. ABSN ingandithandize?

Namwino wa ku Columbus:
Achimwene, zanu nzosiyana. Pa F-1 FAFSA mulibe, muyenera kuonetsa ndalama zonse kuti akupatseni I-20, chikalata cha sukulu cha viza yanuyo, ndipo si ABSN iliyonse imene imatenga a F-1, makamaka zokhala ndi maphunziro ambiri a pa intaneti. OPT, chilolezo chogwira ntchito mukamaliza sukulu, ndi miyezi 12 yokha chifukwa unamwino suli m'gulu la STEM (sayansi, ukadaulo, uinjiniya ndi masamu), ndipo ngati mwaigwiritsa kale ntchito pa digiri ya bizinesiyo, pa digiri inanso yoyamba sakupatsaninso. Kaonaneni ndi ofesi ya ophunzira akunja musanalembe OPT. Tsegulani funso lanu padera tikambirane bwino.

Mlongo wa ku Leeds:
Kwa amene muli kuno ku UK mukuwerenga: njira yofanana ndi MSc ya unamwino ya zaka ziwiri ya anthu amene ali kale ndi digiri, ukamaliza umalembetsa ku NMC, bungwe loyang'anira anamwino kuno. Amafuna umboni wa maola amene wagwira ntchito yosamalira anthu, ndiye a care home sungani makalata anu. Oyenerera ku England amalandira £5,000 pa chaka kuchokera ku NHS Learning Support Fund yosabweza.

Mayi wamkulu wa ku South Bend:
Mwanawe, anzako akuuza za sukulu, ine ndikuuza za kumudzi, chifukwa ndaona kuti mpamene mawu ako akunjenjemera. Wapempha kuti dzina libisidwe chifukwa cha alamu. Ndiye kuti ukudziwa kale kuti nkhondo yako yaikulu si Pharmacology. Ine mwana wanga atalowa sukulu imeneyi, foni za kumudzi sizinasiye. Maliro, denga ladontha, mbuzi zadya chimanga cha eni. Iye nkumatenga shifiti yowonjezera mayeso ali mawa, kuopa kunenedwa kuti waiwala kwawo. Anatsala pang'ono kuchotsedwa.

Uchite izi. Ukhale pansi ndi amuna ako poyamba, asamve kwa anthu. Kenako uwaimbire mayi ako ndi amalume, uwauze tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza, ndi zimene zipitirire: mankhwala a mayi ndi fizi ya ana amasiyewo. Zina zonse ziyembekeze. Chaka chimene ukuchita maphunziro okonzekeracho ugwire ntchito mwamphamvu, ulowe chipereganyu, ndipo upemphe kuti ulandire kumapeto, ndalamayo ikhale ya lendi. Fizi ya anawo ulipiriretu matemu angapo kusukulu konko, osapatsira munthu m'manja. Anthu akadziwa kuti njala ili ndi tsiku lothera amapirira. Chimene chimawapweteka ndi kungoona ndalama yasiya kubwera popanda mawu. Ndipo tili pano ife, mwana wa zaka 4 sangasowe pomusiya m'tauni muno.

Wofunsa:
Amayi, mwandiliza kuntchito kuno. Mwanena zoona, chimene ndimaopa ndi mawu akuti wafika ku America waiwala ana a m'bale wake. Achimwene angawo ndi amene anandilipirira fizi ya sekondale.

Ndalankhula ndi bambo a kunyumba m'mawa uno nditaweruka. Sanakane. Akuti tiwerengere ngati iwo atakhala miyezi itatu osagwira ntchito, tione ngati tingapulumuke, ndipo tikapanda kutero ndiyambe ndi ADN. Ndatsegula akaunti ya WES, ndipo Anatomy ndilembetsa semesita ikubwerayi, poti njira zonse ziwiri zikuifuna. Mayi ndiwaimbira Lamlungu akachoka kutchalitchi.

Funso limene latsala: inshuwalansi ya kuchipatala ya ine ndi ana imachokera kuntchito kwanga. Amene munasiya ntchito muli ndi ana, munachita bwanji? Munalowa ya kusukulu, ya kuntchito kwa mwamuna, kapena ana anatengedwa ndi Medicaid, inshuwalansi ya boma ya opeza zochepa?