Kodi moto wa m'chitofu cha nkhuni ndingaukhalitse bwanji usiku?

Mayi wa ku Roodepoort:

Moni nonse abale. M'nyumba imene tikuchita lendi kuno ku Johannesburg, m'dziko la South Africa, muli chitofu chachitsulo chowothera moto, cha chitseko chagalasi ndi chumuni chotulukira padenga, ndipo chatithandiza kwambiri m'Juni muno pamene chisanu chafika poipa. Vuto ndi lakuti nkhuni zikutha mofulumira: ndikasonkha moto cha m'ma 9 koloko usiku, pofika pakati pa usiku pamakhala patatsala phulusa lokha. Ndikatseka bowo la mpweya kuti moto uchedwe, malawi amazima, galasi limada bii ndipo m'nyumba mumanunkha utsi. Nkhuni timagula za bulugamu za m'matumba m'mbali mwa msewu. Kodi pali njira yakuti moto ufike m'mawa popanda kudzuka usiku kukasonkhezera?

Bambo wa ku Germiston:

Mayi, galasi lakudalo likusonyeza kuti vuto layambira pa nkhuni. Mtengo wongodulidwa kumene umakhala ndi madzi ochuluka, nthawi zina pafupifupi theka la kulemera kwake, pamene nkhuni zoyenera chitofu chotere madzi ake asapitirire magawo 20 pa 100 alionse. Bulugamu amayaka bwino, koma amafuna chaka chathunthu kapena kuposerapo ali wowaza kuti aume mpaka m'kati, ndipo ogulitsa ena amamuthira m'matumba asanafike pamenepo. Tengani zikuni ziwiri muziombanitse: zouma zimalira mopepuka ndipo kumapeto kwake kumakhala ming'alu, pamene zaziwisi zimalira mogonthera, ndiye mukaziika pamoto zimachita thovu kumapeto. Kutentha kwa moto wotere kumathera pa kuphwetsa madziwo, n'chifukwa chake umazima mukangochepetsa mpweya.

Za usiku funani nkhuni zolimba ndi zolemera. Kuno zimapezeka za sekelbos, za tsanya amene kuno amamutcha mopane, ndi za kameeldoring, zimene zambiri zimachokera ku Namibia popeza mtengowu ndi wotetezedwa ndi lamulo muno mu South Africa. Nkhuni zimenezi ndi zodula, koma makala ake amakhalitsa. Paini ndi black wattle musungire zoyatsira ndi moto wamadzulo.

Mmisiri wa ku Turffontein:

Ndikugwirizana ndi achimwene a ku Germiston, koma ndiwonjezere za kasonkhedwe, chifukwa ngakhale nkhuni zabwino zimawonongeka ngati munthu atseka mpweya nthawi isanakwane. Moto wogona nawo suyambira pa chitofu chozizira. Yambani madzulo ndi nkhuni zing'onozing'ono mpaka pansi padzale makala ofiira, kenaka muwakokere kutsogolo pafupi ndi polowera mpweya. Kumbuyo kwake sanjani zikuni zikuluzikulu zitatu kapena zinayi, mozithithikiza kuti pasakhale mipata yaikulu, chachikulu kwambiri chikhale kumbuyo kwenikweni, koma zisakhudze galasi kapena chitsulo chakumwamba. Mukatero moto umadya nkhuni pang'onopang'ono kuchokera kutsogolo m'malo mozigwira zonse nthawi imodzi.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Mukatseka chitseko, siyani mpweya wotsekula wonse kwa mphindi 10 mpaka 15, kufikira zikuni zitada mbali zonse ndipo malawi atakhazikika. Pamenepo chepetsani theka, dikirani mphindi zingapo, n'kuchepetsanso, uku mukuyang'ana pagalasi. Malawi ayenera kufatsa koma asathe. Akatha, tsekulaninso pang'ono, pakuti utsi umene ukukwera m'chumuni ndiwo gawo la nkhuni zimene mwagula ndi ndalama limene silinapse. Tisaiwalenso kuti Johannesburg ali pamtunda wa mamita oposa 1,700, kumene mpweya ndi wopepuka, choncho chitofu cha kuno sichifuna kuchimana mpweya kwambiri.

Onaninso chingwe chimene chazungulira m'kati mwa chitseko. Chitofu chikazizira, panikizani pepala ndi chitsekocho n'kulikoka. Likatuluka mosavuta, ndiye kuti mpweya ukulowa mobera ndipo bowo lanu silikulamulira kanthu. Chingwecho chimagulitsidwa m'masitolo a zipangizo zomangira. Phulusa musamalichotse lonse, siyani la masentimita awiri kapena atatu pansi kuti lizisunga makala.

Koma ndinene zoona, Mayi: chitofu chaching'ono sichingayake malawi mpaka tambala woyamba. Mukadzuka n'kupeza chitsulo chili chofunda, ndi makala okwana kukolezera tinkhuni popanda machesi, chachita ntchito yake.

Mayi wa ku Kempton Park:

Achemwali, fungo la utsi m'nyumba limene mwatchulalo musalitenge mopepuka. Moto wofuka umatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha, ndi womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire ndi nseru. Gulani alamu yozindikira mpweyawu muiike pafupi ndi zipinda zogona, makamaka ngati muli ndi ana.

Utsi womwewo ukazizira m'chumuni umasiya mwaye wonga phula umene ungathe kuyaka ndi kutentha denga. Funsani eni nyumba kuti chumunicho anachitsuka liti, chifukwa chimafunika kuyeretsedwa kamodzi pachaka, cha m'Epulo kapena Meyi chisanu chisanayambe. Ndipo ngakhale nkhuni zitavuta, musaotche matabwa opaka penti kapena mapolo obiriwira aja othiridwa mankhwala a chiswe, popeza utsi ndi phulusa lake zili ndi poizoni.

Mayi wa ku Roodepoort:

Zikomo kwambiri nonse. Ndawaza chikuni chimodzi cha m'thumba lija ndipo m'kati mwake ndi monyowa ndithu, choncho otsalawo ndiwasanja pakhonde pamalo opita mphepo, osakhudza pansi, adikire chaka chamawa. Loweruka tikafuna sekelbos ndi alamu ija. Bambo a ku Turffontein, kodi chingwe cha pachitseko munthu angathe kusintha yekha, kapena mpaka aitane mmisiri?